Nyali za sola za "300W" pabwalo losewerera ana: zimawala bwino mpaka mitengo itakula

Aliyense amene watsegula malo osewerera ana m'zaka zaposachedwapa, kaya ku Ulongwe, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete momwe, nyali izi anagulapo kapena anauzidwa kuti agule. Ndi zija zotalika ngati mkono, sola kumsana, timababu ta LED kumimba, mabatire m'kati, ndipo pakatoni analembapo 200W kapena 300W ndi zilembo zonenepa. Mumaiveka pa pholo, kumanga mabawuti awiri, basi. Waya palibe, kugula mayunitsi a Credelec palibe, kudikira a EDM, kampani ya magetsi, palibe. Usiku woyamba bwalo limayera mbee, mwini malo n'kujambula n'kuponya pa Facebook. Koma nyali ya pabwalo la ana imadziwika ubwino wake m'chaka chachitatu, nimu uja anabzalidwa tsiku lotsegulira atafika msinkhu wa pholo, ndipo zikafika pamenepo nyali izi zimangokhoza theka.

Tiyambe ndi nambala ya pakatoniyo. Masulani zomangira za kumimba, tsegulani. Mupeza mabatire ozungulira, onenepa ngati a tochi yaikulu, olembedwa 32650 kapena 32700. Ndi a lithiamu a mtundu wa LiFePO4, lililonse la 3.2V ndi pafupifupi 6Ah likakhala labwino. Akakhala anayi ndiye 24Ah, kuchulukitsa ndi 3.2 mukupeza 77Wh, ndiwo moto wonse umene amasunga. Nyaliyo ikanakhala yodya 300W zoona, mabatire amenewa akanatha m'mphindi 15. Kuti ifike m'bandakucha, maola 12, iyenera kudya pafupifupi 6W yokha. Mphamvu yake yeniyeni ndi imeneyo. Sikuti ndi yochepa kwambiri, LED ya 6W mpaka 10W pa pholo la mamita 4 imaunikira ndithu pamene pali katungwe ndi benchi, koma amene wagula ziwiri poganiza kuti zikwana bwalo lonse wanamizidwa ndi katoni. Wogulitsa akamati "bwana, iyi ndi 300," inu inyamuleni m'manja muiyerekeze ndi inzake. Batire limodzi la 32700 limalemera pafupifupi magalamu 140, choncho mwa nyali ziwiri zofanana kukula, yopepukayo ndiyo yamanidwa mabatire.

Solayo iyezeni ndi tepi. Ya masentimita 60 mulitali ndi 25 mulifupi imapereka 25W dzuwa likaswa mtengo, ndipo nthawi zambiri ndi ya 6V. Kuti idzaze 77Wh ija imafuna maola anayi kapena asanu a dzuwa lenileni, losatchingidwa ndi kalikonse. Pabwalo la tetete kuno kwathu zimenezo n'zosavuta, ndiye chifukwa chake chaka choyamba sipamveka dandaulo.

Vuto ndi lakuti bwalo la ana silingakhale la tetete. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40, ndipo chotsetserekapo chachitsulo chimene chakhala padzuwa kuyambira m'mawa chimawotcha ntchafu za mwana ngati chiwaya. Makolo sakhala pamene palibe mthunzi, zakumwa sizigulidwa. Ndiye mwini malo amabzala mitengo yofulumira kukula, nimu kapena keshya, ndipo amachita bwino. Mitengo imeneyi ikamathiriridwa imawonjezera mita kapena kuposerapo chaka chilichonse. Pobzala amaiika pafupi ndi mapolo, poti ndi m'mbali mwa njira momwe mukuoneka bwino. Patapita zaka zitatu nthambi yoyamba yadutsa pamwamba pa sola.

Nthambi imodzi ikwanira. Tizigawo ta pa sola tinalumikizidwa motsatana ngati mikanda, ndiye mthunzi ukagwera tiwiri kapena titatu moto wonse umatsika, monga paipi yothirira yomwe wina waiponda pakati. Matendawo amabwera pang'onopang'ono. Mlonda amayamba kunena kuti nyali ija ikuzima 2 koloko usiku. Miyezi ingapo, ikuzima 10 koloko. Kenako ikuthima ana asanatsike n'komwe pa katungwe. Mabatire amene sakudzaza tsiku ndi tsiku amathanso msanga, choncho mwini malo akatsegula amapezadi mabatire ofooka, n'kugula nyali yatsopano n'kuiveka pa pholo lomwelo, pansi pa nthambi yomweyo.

Mapaki akuluakulu a kunja nawonso mitengo inawakulira. Disneyland inatsegulidwa mu 1955 ku Anaheim, California, pamalo pamene panali minda ya malalanje, ndipo pazithunzi za zaka zoyambazo mitengo yambiri ndi yaing'ono, thambo likuoneka ponseponse. Lero kumalo awo otchedwa Jungle Cruise nthambi zinakumana pamwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti nyali za m'mapaki oterowo zimalandira moto kudzera m'mawaya, kotero mtengo ukhoza kuphimba nyali koma nyaliyo n'kumayakabe. Yathuyi chakudya chake chili kumsana kwake komwe, ndipo mwana akamafuna mthunzi iyo ikufuna dzuwa pamalo omwewo.

Amene anagula kale angazipulumutse ndi malo ozikapo. Kuno dzuwa limadutsa chakumpoto pafupifupi chaka chonse, limangopendekera pang'ono kummwera kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale. Mu Juni limatsika kwambiri, masana limakhala pa madigiri 50 okha kuchokera pansi. Mtengo wa mamita 8 umaposa pholo la mamita 4 ndi mamita ena 4, ndipo gawo loposalo limaponya mthunzi wa mamita atatu ndi pang'ono nthawi ya 12 koloko, koma 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko madzulo mthunziwo umafika pafupifupi mamita 7. Choncho mapolo aime kumalire a kumpoto a bwalo, mitengo ikhale kummwera kwake, ndipo mtengo uliwonse umene uli kumpoto, kum'mawa kapena kumadzulo utalikire mamita 7, kuyeza kuchokera pamene nthambi zidzafike utakula, osati pa thunthu la mbande ya lero. Kuika pholo kumpoto kuli ndi phindu linanso. Mutu wa nyali umatukuka pang'ono, madigiri 15 kapena chapomwepo, ndipo sola imapendekera kumbuyo kumene kuli pholo. Mkono ukaloza kummwera, sola yayang'ana kumpoto yokha. Mkono ukaloza kumpoto, sola yafulatira dzuwa m'miyezi yozizira, ndipo palibe chomwe mungapotoze chifukwa sola ndi mababu zili pa thupi limodzi. Kulephera kwakukulu kwa kapangidwe kameneka n'kumeneku.

Mabatire nawo akhala pamalo oipa, m'kabokosi kotsekeka pansi penipeni pa sola imene ikupsa ndi dzuwa. Mapepala a opanga mabatire a lithiamu ambiri amati azitchajidwa pakati pa madigiri 0 ndi 45. M'chigwa cha Zambezi mu Okutobala, mpweya wakunja wokha wafika kale 40, nanga m'kabokosi kakuda? Ku Angónia ndi ku Tsangano mabatire amakhalitsa poti n'kozizira, koma kumeneko mdani ndi mitambo ya mu Januwale ndi nkhungu ya mu Juni ndi Julayi, masiku atatu otsatizana opanda dzuwa nyali yagona. Bulugamu ndi paini za kumapiriko zimakweranso kuposa nimu, ndiye mamita 7 aja sakwanira. Ku Moatize onjezerani fumbi la malasha. Sola ipukutidwe ndi nsalu yonyowa milungu iwiri iliyonse m'chilimwe, m'mawa kapena madzulo galasi litazizira, ndipo pakhale makwerero ofika, chifukwa ntchito yofuna kubwereka makwerero sichitika.

Thupi la pulasitiki musalitenge. Zaka ziwiri padzuwa la kuno limayera, limachita mng'alu pamabawuti, tsiku la mphepo mutu wa nyali n'kugwa, ndipo pansi pake pali ana. La aluminiyamu ndiye lolimba komanso limataya kutentha. Zolemba za IP65, zonena kuti fumbi ndi madzi sizilowa, zimagwira ntchito pamene labala ya pachitseko ikadali yofewa. Ikauma, madzi a mvula yoyamba amalowa, mumaona nthunzi kuseri kwa galasi la mababu, kenako dzimbiri lobiriwira pa kabolodi ka zamagetsi. Nyerere zimalowera momwemo n'kumanga chisa. Musanakweze nyali yatsopano pakani silikoni m'mphepete mwa chitseko ndi pamitu ya zomangira.

Za rimoti n'zachidule. Ambiri amasiya pa AUTO kapena pa sensa, ndipo sensa ya mtundu wa radar imadzutsidwa ndi masamba ogwedezeka, galu wodutsa, ngakhale katungwe wokankhidwa ndi mphepo, ndiye nyali imawala mwamphamvu usiku wonse popanda woiona. Ngati malo amatsekedwa 9 koloko, dinani 3H kapena 5H kuti ziyake maola atatu kapena asanu okha, muzisiye za usiku wonse ziwiri zokha, ya pageti ndi ya pamene pamakhala mlonda.

Pafupifupi zonse zimabwera ndi kuwala koyera kwa 6500K, kumene tizilombo timakukonda kuposa kwachikasu kwa 3000K. Mvula yoyamba ikagwa, imani pansi pa nyali yotere muone: ngumbi zikuzungulira ngati utsi, mapiko ali waa pamchenga, achule afika kudzadya, ndipo kumene kuli achule njoka siichedwa. Ana a m'mudzi obwera ndi beseni la madzi kudzatola ngumbi sangadandaule, koma mchenga wosewererapo makanda usakhale pansi pa pholo. Mukapeza ya 3000K kapena 4000K, itengeni ngakhale ikuoneka ngati yofookerapo m'sitolo.

Palinso chimene eni malo saganiza potsegula: zoseweretsa sizikhala malo amodzi. Chaka choyamba pamakhala akatungwe awiri ndi chotsetserekapo. Bizinesi ikayenda pamabwera pula-pula, kanyumba kopopedwa mpweya kodumphamo ana, timagalimoto ta mabatire tofuna kanjira ka simenti, kenako baraka yogulitsiramo zakumwa ikukulitsidwa ndipo akatungwe akusunthidwa. Pholo lokwiriridwa mu konkire limatsala likuunikira pamalo opanda kanthu. Muzike motere: dzenje la masentimita 40 m'mbali zonse ndi 80 kuya, konkire ya muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya miyala, yomwe imadya pafupifupi thumba limodzi la makilogalamu 50, ndipo m'konkiremo mumizemo mabawuti anayi aatali oloza m'mwamba. Pholo, paipi ya galvanizi ya mamilimita 60, liwotchereredwe pa chitsulo chafulati chamabowo anayi. Tsiku losamuka mumangomasula manati. Konkire ipume masiku 7 ikuthiriridwa musanaimike pholo. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa katungwe kusakhale pholo pamtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa mtanda wake, ndiye kuti wa mamita 2.4 ukufuna pafupifupi mamita 5 mbali iliyonse. Kuwala kubwere cha m'mbali. Nyali yoyang'anizana ndi chotsetserekapo imathobwa m'maso mwana amene ali pamwamba, osaona mnzake amene wakhala pansi potsikira.

Pula-pula akafika, nkhani ya kukhala opanda waya yatha, chifukwa chopopera mpweya chake chimadya pakati pa 750W ndi 1,100W osapuma, ndipo chimafuna magetsi a EDM kapena jenereta. Magetsi akalowa, mwini malo amamangirira tinyali tamitundumitundu m'mitengo, ndipo apa pamabuka chodabwitsa: nyali ya sola ikuyamba kuzimazima. Nyali izi zimadziwa kuti kwada poona kuti sola yasiya kupereka moto. Babu lina likawalira pa solayo, iyo imayesa kwacha. Musaike babu lililonse pamwamba kapena pafupi ndi msana wake. Ndipo poti mwakumba kale ngalande ya waya wa pula-pula, ikanimo paipi yachiwiri yopanda kanthu yokhala ndi chingwe chokokera, chaka chamawa idzafunika.

Ndiye zigulidwe kapena ayi? Pageti, poimika magalimoto, panjira ya ku chimbudzi, paliponse pamene simudzabzala mtengo, gulani, zimagwira ntchito yake ndipo mwezi ukatha palibe chokulipiritsani. Pansi pa mthunzi pamene ana amasewera, tengani mtundu wina uja umene sola yake ndi yapayokha, yobwera ndi waya wa mamita 5. Sola ikwere padenga la baraka itayang'ana kumpoto, nyali ikhale pansi pa nthambi pomwe ikufunika. Chenjerani ndi waya wowonjezera. Sola ya 25W pa 6V imatulutsa pafupifupi 4A, ndipo waya woonda wa 0.75mm² pa mamita 5 amataya pafupifupi volti imodzi mwa 6 zija. Wa 2.5mm² amataya zosakwana 0.3V. Mukafuna mamita 10, musatsike pa 2.5mm², ndipo polumikiza pakhale m'kabokosi kosalowa madzi, osati selotepi.

Nyali yakale imene thupi lake likadali bwino siyotaya. Mabatire amasinthika, bola akhale a mtundu womwewo wa 3.2V, onse atsopano pamodzi. Mmisiri akafuna kuikamo a 18650 ochotsa mu laputopu mukanizeni, amenewo ndi a 3.7V ndipo kabolodi ka nyaliyo sikanapangidwire iwo. Yatsopano iyeseni isanakwere pa pholo: dinani batani loyatsira, igonekeni chafufumimba padzuwa, sola ikuyang'ana kumwamba, masiku awiri, madzulo muiike pa kuwala kosasintha n'kulemba nthawi imene yayamba kufooka. Ikalephera maola asanu ili yatsopano, ibwezeni katoni yake isanatayidwe.