Za mano obzala m'fupa: zimene ndaona kuno ku Lusaka

Abale anga kumudzi, chiikireni pa WhatsApp chithunzi changa chija choonetsa dzino latsopano lakutsogolo, mafunso sakutha. Gweru lija lapita kuti? Wina akuti ndimutumizire nambala ya dokotala, wina akuti akwera basi ya Chipata Lolemba kuti pofika Lachisanu akhale atabwerera ku Mchinji ndi mano atsopano. Ndati ndilembe kamodzi momveka bwino, chifukwa wobwera ndi maganizo amenewo angotaya ndalama za basi pachabe. Ntchito imeneyi ndi ya miyezi, ndipo si mkamwa mulimonse momwe imatheka.

Chimene anandiika amachitcha implant. Ndi kachitsulo kamazinga ngati bawuti, katalika ngati chikhadabo, kamene amakalowetsa m'fupa la nsagwada pamalo pomwe panali muzu wa dzino. Pamwamba pake amamangirirapo kamutu kotulukira pa nkhama, ndiye pa kamutuko m'pamene pamakhala dzino looneka lija, lomwe amati crown. Ine poti ntchito yanga ndi yowotcherera mageti ku Kalingalinga, funso langa loyamba linali la dzimbiri. Chitsulo chikhale m'malovu usiku ndi usana osadyeka? Adokotala anandiuza kuti ndi titanium, ndipo fupa la munthu silimukana, limamera mpaka kumugwira. Anatulukira zimenezi ndi dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ataona kuti kachipangizo ka titanium kamene anaika m'fupa la kalulu kakukanika kuchoka. Munthu woyamba anamuika mano otere mu 1965, ndipo anakhala nawo zaka 40 mpaka kumwalira kwake.

Tsiku loika kachitsuloko silinali loopsa monga ndinkaganizira. Anandibaya jakisoni wa dzanzi ngati pozula dzino, ndinali maso nthawi yonse. Ululu sindinaumve, koma kunjenjemera kwa choboolera kunkamveka mpaka m'mphuno, ndipo timadzi tozizira tinkangothiridwa kuti fupa lisapse, pakuti fupa likatentha limafa, chitsulo osagwira. Atamaliza anasoka nkhama n'kundipatsa mankhwala. Mlomo unatupa masiku angapo, ndinkangodya phala ndi nthochi.

Chovuta ndi kudikira. Fupa limafuna miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti ligwire chitsulo, ndipo nsagwada yam'mwamba imachedwerapo chifukwa fupa lake n'lofewa poyerekeza ndi lam'munsi. Zili ngati mzati wa geti: simukoloweka geti simenti isanaume. Miyezi yonseyo ndinkavala kadzino kapulasitiki kochotsa usiku, kongobisa mpata, kosalumira nako ngakhale bulede wouma. Itakwana nthawi anadinda mkamwa mwanga ndi phala lina louma msanga, kenako namwino anabweretsa mndandanda wa timano ta maonekedwe osiyanasiyana, n'kundiimika pawindo kuti kuwala kwa dzuwa kusonyeze kofanana ndi anzake. Anasankha kachikasu pang'ono. Ine ndinkafuna koyera mbee, koma iye anati, "Bambo, loyera kwambiri aliyense adzadziwa kuti n'loikirira." Ananena zoona. Lero ndimaluma chimanga chootcha popanda mantha, kungoti dzinoli silimva monga anzake amamvera; ukatafuna mwala mu mpunga, mano enawo ndi amene amakuuza.

Tsono mvetsetsani apa, pakuti m'pamene ambiri kwathu tidzagwere. Ndili ndi mpata wina kumbuyo, m'munsi, pomwe anandizula mano atatu otafunira kalekale ndisanabwere kuno. Pamenepo safuna zitsulo zitatu. Amaika ziwiri, uku ndi uku, mano atatu olumikizana n'kukhala pamwamba pake, ndiye bridge imeneyo. Koma atandijambula X-ray, adokotala anandionetsa pa kompyuta kuti fupa pamenepo linaphwa, latsala lopyapyala, ndipo mtsempha wopatsa mlomo wam'munsi mphamvu yakumva uli pafupi kwambiri. Akaboola n'kuukhudza, mlomo ungachite dzanzi kwa nthawi yaitali kapena mpaka kalekale. Dzino likachoka, fupa limene linkaligwira limasowa ntchito n'kuyamba kutha, makamaka m'chaka choyamba. N'chifukwa chake agogo opanda mano masaya amalowa mkati. Kuti andiike bridge ayenera kuyamba awonjezera fupa, ndidikirenso miyezi ina, ndiye mtengo wakwera. Mpaka lero mpata umenewo ulipo, ndikusonkhabe ndalama. Lakutsogolo linatheka mosavuta chifukwa linali litangochoka kumene pa ngozi ya njinga, fupa likadalipo lokwanira.

Nkhani imene yandikhudza mtima koposa ndi ya amalume, omwe mukuwadziwa kuti mano onse am'munsi anatha. Anali ndi mano oikirira aja a pulasitiki, koma am'munsi sakhazikika ngati am'mwamba, chifukwa lilime limawakankha ndipo alibe malo otakata ogwirapo. Amalume ankawavala popita kutchalitchi, koma nthawi ya nsima ankawavula n'kuwakulunga m'kampango, n'kumadyera kuseri kwa nyumba. Nyama anaisiya, mtedza anausiya, thupi n'kumangotha. Atabwera kuno ndinapita nawo. Adokotala atamva kuti ali ndi shuga sanafune n'kukhudza komwe. "Atate, tiyambe tatsitsa shugayu, chilonda sichingapole bwino ali pamwamba chonchi." Amalume anakhumudwa, anabwerera kumudzi manjamanja, koma anamvera: mankhwala osadumphitsa, tiyi wopanda shuga, fodya wa chingambwe uja n'kumutaya. Atabweranso anawaika zitsulo ziwiri zokha kutsogolo kwa nsagwada, komwe fupa limakhalitsa, ndipo zitagwira anaika timabatani kunsi kwa mano awo, kuti akawakanikiza amveke kuti thwa, agwira. Amawavulabe usiku kuti awatsuke, koma polankhula ndi podya sasunthanso. Tsiku limene tinapita nawo ku Matero kukadya michopo, anatafuna pamaso pa anthu, mutu uli m'mwamba. Kwa ine, ngati banja lingasonkhere munthu wamkulu chinthu chimodzi, n'chimenechi. Kulinso njira ina yoika zitsulo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, mano onse n'kumangiriridwa osachokanso, koma mtengo wake ndi wa anthu olemera a ku Kabulonga.

Za mtengo sindilemba nambala, chifukwa zitsulozi amaitanitsa kunja ndipo zimakwera limodzi ndi dola. Zimene ndinalipira ine sizimene mudzalipire inu. Dziwani chabe kuti dzino limodzi lingadye malipiro a miyezi ingapo a munthu wamba. Ndipo funsani kuti akulembereni papepala zonse. Malo ena amene ndinafunsako anandiuza mtengo wokoma, koma nditafunsitsa ndinapeza kuti unali wa kachitsulo kokha. Kamutu kake, crown, X-ray, zonse zinali padera. Yang'ananinso pakhoma ngati pali chiphaso cha Health Professions Council of Zambia, bungwe lomwe limalembetsa madokotala kuno, monga imachitira Medical Council kwathu. Pomaliza, musachoke osatenga kakhadi kolembedwa dzina la kampani yopanga implant yanuyo ndi saizi yake. Makampaniwa ndi ambiri, ndipo aliyense ali ndi zomasulira zakezake. Kamutu kakadzakhwefuka muli ku Lilongwe, dokotala wakumeneko adzayamba wafunsa zimenezo.

Wina anandilembera kuti ubwino wake dzino lachitsulo siliola, ndiye mswachi wapuma. Zoona siliola, koma nkhama zozungulira zimadwala. Zakudya zikamatsalira pamenepo nkhama zimatupa, zimatuluka magazi, fupa n'kuyamba kudyeka mwakachetechete popanda ululu, mpaka chitsulo chigwedera n'kuchoka, ndalama zonse zija n'kulowa m'madzi. Ine ndimatsuka m'mawa ndi usiku, ndili ndi kaburashi kakang'ono kolowetsa m'mipata, ndipo ndimapita kukaonedwa. Zosamalidwa bwino zimakhalitsa. Mwa khumi zilizonse, zoposa zisanu ndi zinayi zimakhala zikadalipo patatha zaka khumi. Osuta fodya ndi amene ali ndi matenda a nkhama osachizidwa ndiwo zimawakanika kawirikawiri. Ana nawo sawaika mpaka nsagwada itasiya kukula, cha m'zaka 18 kupita m'tsogolo, ndiye mwana wa achemwali amene anathyoka dzino kumpira uja adikire kaye ndi loikirira wamba.

Chimandiwawa n'chakuti mano atatu akumbuyo aja mwina akanapulumuka. Kwathu dzino likapweteka timangodziwa kukazula, ndipo sindikunena aliyense, pakuti m'zipatala zing'onozing'ono n'chithandizo chokhacho chomwe chimapezeka. Madokotala a mano akhala ochepa kwa zaka zambiri. Maphunziro a digiri ya mano anayamba mu 2019 pa sukulu ya udokotala ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Koma dzino lobooka likapezeka msanga amalimata, ndipo ngakhale lofika pa mtsempha amatha kulitsuka mkati n'kulitseka, muzu wanu n'kutsala. Zimenezo n'zotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi implant. Musanavomere kuzula, funsani ngati lingamatidwe, ngakhale zitafuna ulendo wa kuboma kapena ku Kamuzu Central.

Ndiponso mano oikirira wamba si chinthu chamanyazi. Opangidwa bwino, oyezedwa mkamwa mwanu, amathandiza anthu ambirimbiri. Palinso bridge yopanda zitsulo, yomwe imakhala pa mano anu apambali, kungoti amayenera kuwapala manowo ngakhale ali abwinobwino.

Amene mwatsimikiza kubwera, konzekani maulendo angapo, osati umodzi: woyeza ndi kujambula, woika chitsulo, ndi woika dzino patapita miyezi. Kuchokera pa boda ya Mwami kufika pa siteshoni ya basi ya Intercity kuno ku Lusaka ndi tsiku lathunthu pa Great East Road, ndiye werengerani ndalama za basi pa ulendo uliwonse, kuphatikizapo masiku okhala kuno podikira kuchotsa ulusi. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, makamaka a shuga, a BP ndi ochepetsa kuundana kwa magazi, adokotala adzawaone ndi maso. Pogona musadandaule, kunyumba kwanga kuno ku Mtendere malo alipo, koma mundiimbire kukadali sabata kuti ndikupezereni tsiku loonana ndi adokotala.