Lole yanga patatha chaka: kukana kulira kunachokera pa giya

Mnzanga wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, akufuna kugula lole ya matani awiri kwa munthu yemwe anandigulitsa yangayi, ndipo wandifunsa ngati ndikukhutira nayo. Yanga ndi yakale, ya otomatiki, inachokera ku Japan kudzera pa Beitbridge, pa malire a Zimbabwe ndi South Africa, ndipo ndimanyamulira tomato kuchokera ku Mutoko kupita ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare. Injini ndi yamphamvu, siimwa dizilo wambiri, ndipo mabuleki sanandivutepo.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi kukana kulira. Ndikapotokola kiyi, magetsi a padashibodi ankayaka bwinobwino, koma sitata inkangoti zii, kenako tsiku lotsatira n'kulira ngati palibe chinachitika. Wogulitsa uja anati vuto ndi batire, ndipo ndinagula latsopano pa madola 90 a ku America, koma palibe chinasintha. Atayamba kunena zosintha sitata, ndinapita kwa makaniko wina wachikulire wa ku Mbare, amene makolo ake anachokera ku Malawi ngati anga.

Bambowa sanakhudze batire n'komwe. Anati, "Achimwene, gwirani kiyi pamalo olizira, ine ndigwedeze giya." Atangokankhira ndodo ya giya kutsogolo pang'ono, injini inalira. Titalowa pansi pa lole anandionetsa kabushi kapulasitiki ka kumapeto kwa kebulo ya giya, kamene kanali katanyenyeka moti kebuloyo inkagwedera pachitsulo chake. Anafotokoza kuti pambali pa giyabokosi pali swichi imene imalola moto kufika ku sitata pokhapokha giya ikakhala pa P (poimikira galimoto) kapena pa N (pamene siili m'giya iliyonse), ndiye bushi ikatha, ndodo imaonetsa P pamene giyabokosi sinafikepo, ndipo swichi siitseka. Pa lole yangayi swichi yomweyo ndiyo imayatsa magetsi a rivesi, n'chifukwa chake nawonso ankayaka mwa apo ndi apo.

Anyamata ena anandiuza kuti angolumikiza mawaya n'kuidumpha swichiyo, koma ndinakana, chifukwa lole yotero ikhoza kulira ili m'giya, ndipo aliyense wodziwa mmene anthu ndi ngolo zimapanikizanirana pa Mbare m'mawa sangavomere zimenezo. Choopsa china n'chakuti P ikapanda kugwira, lole imatha kutsetsereka yokha ngati handibuleki sinakokedwe.

Bushi ndinaipeza m'mashopu a zipangizo za galimoto a mu Kaguvi Street pa madola 8, ndipo makaniko analandira 20 poiika ndi kukonzanso kebulo. Kuyambira pamenepo lole imalira ndikangogwira kiyi, ndipo masiku amene yanditulira katundu bwino ndimaikonda ndithu. Koma ndikakumbukira tomato amene anaonongekera padzuwa ku Mutoko lole itakana kulira, mtima umandiwawa, makamaka chifukwa wogulitsa uja, amene analonjeza kuthandiza pa vuto lililonse la miyezi yoyambirira, anasiya kuyankha pa WhatsApp nditangomutumizira malisiti. Mnzangayo ndamuuza kuti lole agule, koma aiyese pa P ndi pa N pamaso pa makaniko wake, ndipo asapereke ndalama zonse lonjezo lisanalembedwe.