Cajole ndi coax: kunyengerera kwa mitundu iwiri

Mawu a Chingerezi akuti cajole ndi coax timawamasulira onse kuti kunyengerera, koma sagwira ntchito mofanana.

Cajole, amene analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1600, amanena za kunyengerera kodzera m'mawu oshashalika ndi malonjezo okoma. Taganizirani mnyamata wofuna kubwereka njinga ya amalume ake: amayamba ndi kuwatamanda kuti m'mudzi monse mulibe munthu wowolowa manja ngati iwo, kenaka amalonjeza kuti akabwera aipukuta, mpaka amalumewo, ngakhale akuona bwinobwino kumene nkhaniyo ikulowera, amangoseka n'kumupatsa. Mawuwa ali ndi kafungo ka ukathyali.

Coax safuna matamando, amangofuna kufatsa ndi kuleza mtima, monga mayi amene akunyengerera mwana wodwala kuti amweko phala. Amagwiranso ntchito pa ziweto, ngakhalenso pa moto wa nkhuni zonyowa umene ukukana kuyaka, pamene cajole amafuna munthu woti amve matamandowo.

M'chiganizo cha Chingerezi, onse awiri amatsatidwa kawirikawiri ndi mawu akuti into. Mwachitsanzo, polemba za namwino amene akunyengerera wodwala, ine ndingasankhe coax, chifukwa cajole angachititse owerenga kumukayikira namwinoyo.