Ndemanga: tinthambi touma ta zizindikiro za mafuko a ku Scotland

Ndinagula phukusi limeneli pokonzekera ukwati wa mng'ono wanga mumzinda wa Inverness ku Scotland, chifukwa mwamuna wake ndi wa fuko la Grant, ndipo akuchimuna anapempha kuti nafenso tivale chomera cha fuko lawo. M'phukusimo muli tinthambi ta paini, heather, bog myrtle ndi yew, kalikonse ndi kapini kake. Amuna amabaya kanthambiko pachipewa, pomwe akazi amabaya pansalu yopachika paphewa.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi kapepala kofotokozera. Kamanena kuti heather ndi wa a MacDonald, bog myrtle ndi wa a Campbell, ndipo yew ndi wa a Fraser, koma paini a Grant amagawana ndi a MacGregor komanso a MacKinnon, popeza mafukowa amati anachokera kwa kholo limodzi, mfumu Alpin. Kwa ife amene tinazolowera kufunsana chiwongo tikakumana ndi mlendo, nkhani yotere siivuta kumva. Wogulitsayo sanabisenso kuti mndandanda wa zomerazi unakhazikika makamaka m'zaka za m'ma 1800, pamene chidwi pa zovala za ku Highlands, dera la mapiri la kumpoto kwa Scotland, chinakula Mfumu George IV ya ku Britain itayendera Edinburgh, likulu la Scotland, mu 1822, ndiponso kuti mafuko ena ali ndi zomera ziwiri, monga a Cameron omwe ali ndi thundu ndi crowberry. Ogulitsa ambiri sanena zimenezi, amangoti zonse ndi zamakedzana.

Paini anapirira tsiku lonse, kuvina konse kuja, osathothoka ngakhale tsamba limodzi. Bog myrtle anali akadali ndi fungo lake lokoma ukamufikisa pakati pa zala. Heather ndiye anandikhumudwitsa, chifukwa pomwe ndimatsegula bokosi timaluwa tofiirira tambiri tinali titayoyokera kale pansi, ndipo totsalato tinathera pamalaya a mwana amene anangofuna kuyeserera. Mapini nawonso ndi aafupi, moti pansalu yochindikala yaubweya kanthambi kamapendekera.

Amene fuko lawo ndi la paini kapena yew angagule mosakayika. Koma a MacDonald amene mwambo wawo ukuchitika mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, nyengo yomwe heather amachita maluwa m'mapiri, ndi bwino apeze wamuwisi kwa ogulitsa maluwa, ndipo agule padera mapini otalikirapo.