Kowonera mpira wa makoleji aku America ku Luwinga

Loweruka ndinakawonera mpira wa makoleji aku America, uja wa American football, pa kamalo kena ku Luwinga kufupi ndi Mzuni, abale malowa ndawakonda. TV ndi yaikulu, ESPN ikugwira bwinobwino, magetsi atathima mnyamata wa pakauntala analiza jenereta tisanayambe n'kudandaula komwe. Gemu yoyamba imayamba 6 koloko madzulo poti kwawoko imakhala 12 masana, koma zikuluzikuluzo zimafika cha m'ma 1 usiku ndiye tengani jekete, kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, zenera limodzi ndi losweka angotsekapo katoni.

Chinandikoka kwenikweni ndi mkangano. Quarterback (wosewera amene amaponyera anzake mpira) wa timu ina anaponyera adani mpira kawiri, mdala wina wa chipewa cha ubweya anadzambatuka mpaka kutaya tiyi, amvekere kochiyu akudikira chani, amutulutse mwanayu! Ana a Mzuni anakana, akuti vuto ndi anyamata akutsogolo sakumutchinga, munthu angaponye bwanji akumugwetsa asanamuone n'komwe mnzake. Ine ndinali mbali ya mdalayo, ndinawakumbutsa za Nick Saban, yemwe anali kochi wa timu ya Alabama, mu January 2018, Alabama ikugonja 13-0 kwa Georgia anatulutsa quarterback wake Jalen Hurts pa hafu n'kulowetsa Tua Tagovailoa, mapeto ake anawina 26-23. Kochi wa Lowerukayu anangomusiya mwana uja akuvutika mpaka gemu kutha, zinandiwawa kwambiri.

Tchipisi chawo ndi chabwino koma nkhuku inatha 9 koloko isanakwane, apa akonze. Mipando yakumbuyo mawu samveka bwino, fikani msanga.