Madala okonza mphete ku Avondale amaitha ntchito

Abale muli ku Harare kuno, ngati muli ndi mphete yakale yofuna kukonza pitani kwa madala ena osula siliva pafupi ndi flea market ya ku Avondale. Ndinawapatsa ya malemu mayi anga, mwala wake ndi emerald (mwala wobiriwira wamtengo wapatali) wa ku mgodi wa Sandawana kuno ku Zimbabwe ndiye unkagwedera poti timano tougwira tinali titaperepeseka, ine mtima uli phaa kuopa kuutaya mu kombi. Iwo anayamba auchotsa kaye asanayatse moto chifukwa emerald sachedwa kung'aluka, kenako nkuubwezera ndi manja mwachifatse. Anandiuzanso kuti ndizivula pochapa, sopo ndi madzi otentha zimachotsa mafuta amene amathira m'ming'alu ya mwalawo. Kuchedwa kokha amachedwa ndithu, ndipo amafuna ma USD kashi, zolipira pafoni za EcoCash amakana.