Kuzungulitsa, kuzira kapena kusindikiza: tipake bwanji maselo a sola a pulasitiki?

Madzi atatsika ku Kariba mu 2024, magetsi ankazima maola ambirimbiri muno mu Lusaka, ndipo anthu anakhamukira ku Kamwala kukagula mapanelo. Amene ankabwera nawo ndi a silikoni, olemera, agalasi. Anzanga amene mumagwira ntchito m'malabu mukudziwa kuti pali mtundu wina wa maselo a sola, wopangidwa ndi mankhwala a kaboni amene amasungunulidwa ngati inki n'kupakidwa pa galasi kapena pa pulasitiki yopindika. Ching Tang atapanga selo la mankhwala a kaboni ku Kodak mu 1986, linkasandutsa magetsi pafupifupi 1 peresenti yokha ya kuwala kwa dzuwa. Mankhwala a Y6 atatuluka ku Central South University ku China mu 2019, chiwerengero chinadutsa 15 peresenti, ndipo lero m'malabu akufika cha m'ma 20. Koma nkhani yonse yagona pa kapakidwe, chifukwa kachikopa kogwira kuwalako n'kopyapyala pafupifupi mananomita 100. Tsitsi limodzi ndi lokhuthala kuposa pamenepo maulendo mazanamazana.

Njira imene tonse timayambira ndi spin coating. Mumadonthetsera inki pa kagalasi, makina n'kukazungulitsa maulendo masauzande pa mphindi, inki n'kumwazikira m'mbali, kutsala kachikopa kosalala bwino. Mukawonjezera liwiro, kachikopa kamapyapyala. N'zosavuta kuphunzira, ndipo ziwerengero zapamwamba zimene timawerenga zambiri zimachokera pa timaselo totere, tosafika ngakhale sentimita imodzi mbali zonse. Chimene chimandipweteka mtima ndi kuwononga. Inki yoposa magawo 9 pa 10 imathera m'mbale ya makina. Ndinaonapo polima, mankhwala opangira inki, imene tinaidikira miyezi kuchokera kunja, yogulidwa ndi madola, tikuipukuta ndi tishu m'mbale n'kuitaya. Komanso simungazungulitse pulasitiki yotalika mamita 50.

Ine mtima wanga uli pa blade coating. Amene anaonapo amayi akuzira pansi ndi dothi aimva msanga: inki imaikidwa kutsogolo kwa mpeni wosalala, mpeniwo n'kuyenda pamwamba pa galasi, kusiya kampata kakang'ono, ndipo kumbuyo kumatsala chikopa chonyowa. Pafupifupi dontho lililonse limagwira ntchito. Koma imafuna kuleza mtima, chifukwa liwiro pano lili ndi nkhope ziwiri. Mpeni ukamayenda pang'onopang'ono, inki imauma pompo pamlomo pa mpeni, ndiye kuwonjezera liwiro kumapyapyalitsa chikopa. Ukadutsa malire ena, mpeni umayamba kukoka inki yambiri, ndipo kufulumira kumachikhuthalitsa. Wophunzira amene anazolowera kuzungulitsa amasokonezeka pamenepa sabata yoyamba.

Chosungunulira nacho chimasintha. Chloroform, amene ambiri amamukonda pa spin coating, amawira pa madigiri 61 okha. Pa kutentha kwa mu Okutobala amauma mpeni usanafike kumapeto, n'kusiya mizeremizere. O-xylene amawira pa 144, alibe klorini, ndipo ndi amene fakitale ingavomere, koma amafuna kuti mbale yapansi ikhale yotentha. Akachedwa kuuma, mankhwala awiri a mu inki, opereka ndi olandira maelekitironi, amapatukana n'kupanga zibuma zikuluzikulu, magetsi n'kuchepa. Fumbi lathu la m'chilimwe nalonso si locheza: kamchenga kamodzi kamakokedwa ndi mpeni n'kung'amba chikopa kuyambira pamene kagwera mpaka kumapeto. Tsekani mawindo, sefani inki, pakani m'mamawa.

Slot-die ndi mkulu wake wa blade coating. Pampu imakankha inki kudzera pa kamng'alu kakatali, pulasitiki ikuyenda pansi kuchoka pa mpukutu wina kupita pa wina, monga mmene amasindikizira chitenje. Kukhuthala kwa chikopa mumachita kuwerengera kuchokera pa kuchuluka kwa inki yotuluka ndi liwiro la mpukutu. Gulu la Frederik Krebs ku Denmark linaonetsa kalekale kuti maselo athunthu angasindikizidwe chonchi. Vuto lake kwa ife ndi loti mapaipi ndi mutu wa makina zimafuna kudzazidwa kaye, ndiye inki yoyesera imafunika yambiri. Chabwino n'chakuti zimene mwaphunzira pa mpeni zimasamukira kuno mosavuta, pamene za spin coating nthawi zambiri zimafuna kuyambanso.

Palinso njira youma, yosagwiritsa ntchito inki: kutenthetsa timamolekyulu ting'onoting'ono m'chipinda chopopedwa mpweya mpaka tisanduke nthunzi n'kumata pa pulasitiki. Heliatek ya ku Dresden imapanga filimu yake motero, yopepuka moti imamatidwa pa madenga amene sangasenze magalasi. Chikopa chake ndi choyera, chosanjikizika bwino. Koma mapampu ake amafuna magetsi osadukiza kwa maola ambiri, ndipo akazima pakati pa ntchito, mwataya tsiku lonse pamodzi ndi mankhwala.

Choncho labu ya ku Lusaka imene ili ndi ndalama zogulira makina amodzi okha, ine ndinganene kuti igule mpeni ndi mbale yotenthetsera. Mota yake ndi yaing'ono, ndipo invetala ndi batire zimene ambiri tinagula chaka cha chilala chija zikhoza kuiyendetsa ntchito n'kutha.